Chitseko cha Eklezia ndi Akhristu Amene Adagwa



Chaka ndi chaka, pa 16 Sepitembala, Eklezia amakumbukira anthu oyera awiri pa tsiku limodzi: Cornelius, Papa wa ku Roma, ndi Cyprian, Episkopi wa ku Carthage, mzinda umene mabwinja ake ali m'dziko la Tunisia, kumpoto kwa Afrika wathu yemweyu. Ambirife maina amenewa timangowamva akudutsa m'makutu pamene wansembe akutchula oyera m'Pemphero loyamba la Ukaristia, ndipo sitifunsa kuti anthuwa adali yani. Pakati pao padali nyanja, wina tsidya lino wina tsidya lija, ndipo ankayankhulana ndi makalata. Chimene chidawamanga pamodzi ndi mlandu umodzi wovuta, umene udatsala pang'ono kung'amba Eklezia pakati. Mlanduwo ndi uwu: mkhristu wobatizidwa wakana Ambuye ake poyera, anthu akuona, kenaka wabwera kudzagogoda pa chitseko akulira. Kodi timtsekulire kapena ai?

Tikudziwa kuti funsoli si la m'mabuku okha. Alipo wina amene akutimvera tsopano lino, amene watha zaka khumi kapena kuposerapo osalandira Ukaristia. Belu la tchalitchi likamalira m'mawa pa Lamulungu, iye amatembenukira kukhoma. Ife tikuyankhula ndi ameneyo. Tikuyankhulanso ndi inu amene simujomba ku Misa, pakuti nkhaniyi ikukukhudzani koposa m'mene mukuganizira.

M'chaka cha 249 ufumu wa Aroma udagwa m'manja mwa mtsogoleri wa ankhondo dzina lake Decius. Dziko lidali pa mavuto: adani ankaboola malire, ndipo mafumu ankalandana mpando ndi lupanga. Decius adafuna kuti milungu ya makolo ikondwere ndi ufumu wake. Tsono adalamula kuti munthu aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, apite pamaso pa akuluakulu osankhidwa, athire nsembe kwa milungu, alawe nyama ya nsembeyo, ndipo alandire kalata yaumboni. Makalata otere oposa 40 adapezeka m'dziko la Ejipito, m'mene mchenga wouma udawasunga osaola, ndipo adalembedwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chaka cha 250. Ndi timapepala tating'ono ta mizere yowerengeka: dzina la munthu, mudzi wake, mau otsimikiza kuti wathira nsembe, ndi maina a akuluakulu aja pansi pake.

Tiyeni tione pamene padali msampha. Lamulolo silidanene kuti munthu aleke kupemphera kwa Khristu. Lidangofuna kuti pambali pa Khristu aikepo kanthu kena, kamodzi kokha, kwa kanthawi kochepa, kenaka abwerere kwao mumtendere, munda wake ulipo, ana ake alipo. Mayesero ambiri amabwera ndi nkhope yotere. Satiuza kuti titaye chikhristu. Amangoti tichivule pang'ono ngati malaya, tichikoleke pa mtengo, tidzachivalanso tikamaliza.

Alipo amene adakana. Papa Fabian adafa mu Januwale 250, ndipo mpingo wa ku Roma udakhala wopanda episkopi kwa chaka chathunthu ndi miyezi ina. Episkopi wa ku Antiokeya, Babylas, ndi wa ku Yerusalemu, Alexander, adafera m'ndende. Koma tikanena kuti akhristu onse a masiku amenewo adali olimba ngati mwala, tinama. Eklezia adali atakhala pa mtendere zaka zambiri, mpingo utakula, ndipo ambiri adali asanaonepo mazunzo. Cyprian, m'buku limene adalemba mu 251 lonena za anthu ogwa, akusimba za akhristu a ku Carthage amene sadadikire n'komwe kuti awagwire. Adathamangira okha ku bwalo la mzinda. Dzuwa litapendeka, akuluakulu atanena kuti otsalawo abwere m'mawa mwake, ena adapempha kuti awathandize tsiku lomwelo. Makolo ena adanyamula makanda ao kupita nao ku guwa la mafano. Ngakhale aepiskopi ena adagwa: wa ku Smyrna adathira nsembe, ndipo ku Spain aepiskopi awiri, Basilides ndi Martialis, adapezeka ndi makalata aja.

Kugwako kudali kwa mitundu. Ena adathira nsembe yeniyeni ndi kudya nyama yake. Ena adangoponya lubani pa moto. Enanso, ochenjera, sadayandikire guwa, koma adapereka ndalama kwa akuluakulu kuti awalembere kalata ngati athira nsembe. Amenewa ankadziona ngati sadalakwe kwenikweni, chifukwa manja ao sadakhudze kanthu. Koma kalatayo inkanena pamaso pa boma kuti iwo si a Khristu, ndipo iwo adaisunga m'nyumba.

Tisabise kuti Cyprian mwini wake sadali pa malo okoma. Mazunzo atayamba, iye adachoka mu mzinda nakabisala, namayendetsa mpingo ndi makalata. Ankati akakhala poyera adzaitanira moto pa nkhosa zonse, popeza adali munthu wodziwika. Ena sadamvetse zimenezo. Ansembe a ku Roma adalemba kalata yokumbutsa za kusiyana kwa mbusa weniweni ndi wolembedwa ganyu, ndipo Cyprian adadziwa bwino amene ankanenedwa. Choncho munthu amene adayenera kuweruza mlandu wa ogwa adali munthu amene anthu ena ankamloza chala.

Mazunzo adazirala pang'onopang'ono, ndipo Decius adafera ku nkhondo mu 251. Apa ndi pamene vuto lenileni lidayamba. Ogwa aja adayamba kubwerera, osati mmodzimmodzi, koma chikhamu. Pa msonkhano umodzi womwewo padali mai amene mwamuna wake adafera m'ndende, padalinso mnansi wake amene adagula kalata, ali wonenepa bwino, katundu wake ali yense. Onse awiri akuyang'ana mkate umodzi.

Kuti timvetse kulemera kwake, tikumbukire m'mene kulapa kudaliri masiku amenewo. Ubatizo unkaonedwa ngati kusamba kwa kamodzi, kotsuka zonse. Machimo a tsiku ndi tsiku ankachotsedwa ndi pemphero, kusala zakudya ndi kuthandiza amphawi. Koma wochita tchimo lalikulu, monga kupha munthu, chigololo kapena kukana chikhulupiriro, ankalowa m'gulu la olapa. Ankavala ziguduli, ankasala, ankapempha abale kuti ampempherere, ndipo sankalandira Ukaristia, mwina kwa zaka. Pomaliza pake episkopi ankamsanjika manja pamaso pa mpingo, namubwezera pa gome la Ambuye. Mwai umenewu unkaperekedwa kamodzi kokha pa moyo wa munthu.

Njira imeneyi idawatalikira ambiri, tsono adapeza yachidule. M'ndende mudali akhristu amene adazunzidwa osakana Ambuye, ndipo mpingo unkawalemekeza kwambiri. Udalipo mwambo wakuti munthu wotere angathe kupepesera wolapa kwa episkopi. Ogwa adathamangira kwa iwo kukapempha timakalata ta mtendere. Poyamba zidali za munthu mmodzimmodzi, koma posachedwa timakalatato tidachuluka ngati masamba. Ena ankalemba kuti uje alandiridwe pamodzi ndi anthu ake, osatchula maina, kotero kuti kalata imodzi inkalowetsa banja lonse, apongozi ndi antchito omwe. Wina dzina lake Lucian adafika polemba kalata imodzi yopereka mtendere kwa ogwa onse pamodzi. Ansembe ena a ku Carthage, pamodzi ndi dikoni Felicissimus, adayamba kupereka Ukaristia kwa aliyense wobwera ndi kapepala, osafunsa ngati walapa.

Cyprian adakana zimenezi, ndipo chifukwa chake tiyenera kuchimvetsa bwino, pakuti si nkhanza. Iye adayerekeza tchimolo ndi chotupa chimene chili ndi mafinya m'kati. Sing'anga amene amangochisisita pamwamba, poopa kuti wodwala alira, sali wachifundo ai, akumupha. Chiyenera kutumbulidwa, mafinya atuluke, ngakhale wodwalayo akuwe. Munthu amene dzulo adali pa guwa la mafano, lero walandira Thupi la Ambuye popanda kuima n'kamodzi komwe kuti aone chimene wachita, ameneyo sadachire. Wangophimba bala. Akuluakulu athu adati mlandu suola. Tchimo losaululidwa nalonso siliola, limangodikira.

Tsidya lija la nyanja zinthu zidapendekera mbali ina. Ku Roma kudali wansembe wophunzira kwambiri dzina lake Novatian, amene adalemba buku lozama lonena za Utatu Woyera, ndipo ndiye ankalemba ena mwa makalata a mpingowo pa nthawi imene udalibe episkopi. Mu Malichi 251 mpingo udasankha Cornelius, munthu amene adali wokonzeka kulandira olapa. Novatian sadavomere. Adapeza aepiskopi atatu amene adamdzoza, nadzitcha episkopi wa Roma. Chiphunzitso chake chidali chakuti wokana Khristu alape ndithu, alire moyo wake wonse, mwina Mulungu adzamchitira chifundo pa tsiku lomaliza, koma Eklezia alibe mphamvu yomubwezera pa gome, ngakhale pa mphasa ya imfa.

Tisafulumire kumnyoza Novatian. Iye adaona anthu akufa chifukwa cha dzina la Yesu, ndipo ankafunsa kuti: ngati wogula kalata alandira zomwezo zimene alandira wofera m'ndende, nanga uja adaferanji? Funsoli ndi lolemera, ndipo mkulu wake wa mwana wolowerera uja, mu Luka mutu 15, adali nalo lomweli pamene adakana kulowa m'nyumba. Cholakwa cha Novatian chidali pa kuganiza kwake za Eklezia. Iye ankafuna mpingo wa oyera okhaokha, ndipo otsatira ake ankadzitcha dzina lachigriki lotanthauza anthu oyera. Mpingo wao udakhalapo zaka mazana angapo. Wolemba mbiri wina wakale, Socrates, akusimba kuti pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325 mfumu Constantine idamvetsera episkopi wao Acesius akufotokoza chiphunzitsochi, ndipo idamuuza kuti ngati zili choncho, aimike makwerero akwere yekha kumwamba.

Pakati pa mbali ziwirizi, Cyprian ndi Cornelius adayenda njira imodzi. Pasaka wa 251 atapita, aepiskopi a ku Afrika adasonkhana ku Carthage. Adagamula kuti mlandu wa munthu aliyense uonedwe paokha, poyang'ana m'mene adagwera: kodi adathamangira yekha, kapena adagonja atazunzidwa masiku ambiri? Ogula makalata adaloledwa kubwerera msanga. Othira nsembe adauzidwa kuti apitirize kulapa, koma adalonjezedwa kuti sadzafa opanda mtendere wa Eklezia. Chaka chomwecho Cornelius adasonkhanitsa aepiskopi 60 ku Roma, navomereza njira yomweyo, nachotsa Novatian mu mpingo.

Pasanapite nthawi yaitali padamveka kuti mazunzo ena ali pafupi, pa ufumu wa Gallus. Aepiskopi a ku Afrika adakumananso, ndipo chimene adachita chimatidabwitsa mpaka lero. Munthu angayembekeze kuti akadalimbitsa malamulo, poopa kuti anthu agwanso. Iwo adatsekula chitseko kwa onse amene adakhala akulapa moona kuyambira tsiku la kugwa kwao. Polembera Cornelius adafotokoza maganizo ao motere: sitingauze munthu kuti akhetse magazi ake chifukwa cha Khristu pamene ife tikummana Magazi a Khristu, msilikali satumizidwa ku nkhondo ali ndi njala. Apa Eklezia adanena poyera kuti Ukaristia si mphotho ya amene sadagwepo, koma chakudya cha amene akufuna kuima. Ndipo adalipo kale ogwa amene adaimanso. Cyprian akutchula awiri, Castus ndi Aemilius, amene adagonja ulendo woyamba poopa moto, koma ulendo wachiwiri adalimba mpaka kufa ndi moto womwewo.

Kodi aepiskopiwa mphamvu imeneyi adaitenga kuti? Sadaipeke. Madzulo a tsiku la kuuka kwake, Ambuye adaimirira pakati pa ophunzira ao, nawauzira mpweya, nawapatsa Mzimu Woyera pamodzi ndi mphamvu yokhululukira machimo ndi yosawakhululukira, monga tiwerenga mu Yohane mutu 20. Taonani anthu amene adalandira mphamvuyo. Adali omwe aja amene masiku atatu apitawo adathawa m'munda. Mkulu wao adali Petulo, amene adakana katatu kuti samdziwa Yesu, osati pamaso pa mfumu ndi asilikali a malupanga, koma pamaso pa mtsikana wantchito ndi anthu ootha moto. Novatian akadakhala woweruza usiku umenewo, Eklezia akadayamba wopanda Petulo.

Tiime pang'ono pa Petulo ndi Yudasi, chifukwa apa ndi pamene tingaone chimene kulapa kuli. Onse awiri adachimwa usiku umodzi, ndipo onse awiri adamva chisoni. Tikawerenga Mateyo mutu 27 tipeza kuti Yudasi adachita zambiri zimene ife timaziyesa kulapa: adavomera kuti walakwa, adanena tchimo lake ndi pakamwa, adabweza ndalama. Chidasowa n'chiyani? Adapita ndi chisoni chake kwa anthu amene adamgula, ndipo iwo adamuuza kuti ndi zake zimenezo. Atatero adatsala yekha ndi tchimo lake, nadziweruza yekha. Petulo adalira kwambiri, koma sadachoke pakati pa abale, ndipo pamene adamva kuti Ambuye ali pa gombe la nyanja adadziponya m'madzi kuti akafike msanga. Yohane amatchula moto wamakala kawiri kokha: pa bwalo la mkulu wa ansembe pamene Petulo adakana, ndi pa gombe paja pamene Yesu adamfunsa katatu za chikondi chake. Ambuye sadachite ngati palibe chimene chidachitika. Adambwezera pa moto womwewo, nambweza katatu pa njira imene adagwerapo katatu, kenaka adampatsa nkhosa zao kuti aziwete.

M'chinenero chathu mau akuti kulapa tonse timawadziwa kuyambira ubwana. Mwana akalawa mkwapulo amafuula kuti walapa. Munthu akabwereketsa njinga yake nabwera nayo yothyoka, amati walapa kubwereketsa. Kulapa kotereku ndi kwa munthu amene wapsa chala. Akudandaula chifukwa cha ululu. Eklezia sakunyoza. Msonkhano wa ku Trent mu 1551 udaphunzitsa kuti ngakhale chisoni chobwera chifukwa choopa chilango ndi mphatso ya Mulungu, chikakhala kuti chikumchotsa munthu ku tchimo ndi kumtsogolera ku sakramenti. Mwana wolowerera uja sadanyamuke chifukwa cha chikondi chozama. Idamdzutsa ndi njala. Koma kulapa kwachikhristu sikuthera pamenepo. Mau amene aneneri achiyuda ankagwiritsa ntchito amatanthauza kubwerera, monga munthu amene wazindikira kuti wasokera natembenuka. Mau achigriki a m'Chipangano Chatsopano amatanthauza kusintha maganizo ndi mtima. Wolapa weniweni saona chala chake chokha chimene chapsa. Amaona Atate amene wawalakwira, ndipo amanyamuka kupita kwa iwo.

Ena amatifunsa kuti: bwanji osangolapa kwa Mulungu mumtima, wansembe alowererapo chiyani? Ndi zoona kuti wokhululuka ndi Mulungu yekha, ndipo munthu ayenera kuyamba kulira kwa Iye mumtima nthawi yomweyo imene wazindikira tchimo lake. Koma nkhani ya ku Carthage ikutionetsa chimene timaiwala. Amene adathira nsembe sadalakwire Mulungu yekha. Adafooketsa mnzake amene ankamuyang'ana, adasiya mkazi wamasiye uja yekha ndi chisoni chake, adabaya thupi lonse. Ife a kumudzi izi si zachilendo. Munthu akalakwira mbumba, sanena kuti ndapepesa kale mumtima mwanga. Amapita pa bwalo kapena kwa ankhoswe, amanena chimene adachita, amapereka chopepesera, ndipo wamkulu amanena mau omaliza kuti mlandu watha, anthu nadyera pamodzi. Wansembe amaimira Khristu ndiponso amaimira abale onse. Pali chinanso: mtima wa munthu sukhulupirira msanga kuti wakhululukidwa. Umafuna kumva ndi makutu.

Ndiponso chopepesera chija sichidathe. Madzi akatayika saoleka, n'zoona, ndipo zilipo zimene sitingathe kuzikonza: moyo umene udatayika, zaka zimene ana adakula opanda bambo. Koma zambiri zingathe kubwezedwa. Zakeyo, mu Luka mutu 19, adalonjeza kubweza kanai zimene adalanda. Amene adasuntha malire a munda wa mkazi wamasiye sangatuluke m'nyumba ya kulapa ndi mtendere chikhomo chikadali pamene adachiika. Amene adaipitsa mbiri ya mnzake ayenera kubwerera kwa omwe aja adawauza bodzalo. Mapemphero ochepa amene wansembe amatipatsa si mtengo wogulira chikhululukiro, pakuti chaulere cha Mulungu sichigulidwa. Ndi phazi loyamba pa njira yobwerera.

Maonekedwe a sakramentili adasintha m'zaka zotsatira. Popeza kulapa kwa poyera kudali kwa kamodzi kokha ndiponso kolemera, anthu ambiri adayamba kukuzengereza mpaka pa mphasa ya imfa. Thandizo lidachokera kutali, kwa amonke a ku Ireland, amene adazolowera kuulula zolakwa zao kwa mkulu wao mseri, kawirikawiri, ndipo adafalitsa mwambowu pakati pa anthu wamba m'maiko a ku Ulaya. Si onse adaukonda: msonkhano wa aepiskopi ku Toledo mu 589 udadzudzula anthu opempha kukhululukidwa nthawi iliyonse imene achimwa. Koma mwambowo udapambana. Mu 1215 msonkhano wachinai wa ku Lateran udalamula kuti mkhristu aliyense wozindikira aulule machimo ake kamodzi pa chaka, osachepera apo, ndipo udaika chilango choopsa kwa wansembe woulula zimene wamva. Mu 1973, pa nthawi ya Papa Paul VI, Eklezia adakonzanso mwambowu, naikamo kuwerenga Mau a Mulungu ndi mapemphero a kulapa a mpingo wonse pamodzi, kuti tikumbukire kuti si nkhani ya anthu awiri okha m'kachipinda. Chimene akhristu a ku Carthage ankachilirira zaka, ife tili nacho pa Loweruka lililonse, ndipo mwina n'chifukwa chake timachipeputsa.

Felicissimus ndi Novatian adafa kalekale, koma sadachoke pakati pathu. Felicissimus ali mwa ife pamene tinena kuti Mulungu ndi wachifundo, amvetsa, kwinaku chithumwa chili m'thumba ndipo njira ya ku nyumba ija ikadali yopondeka. Novatian ndiye tiyenera kumuopa kwambiri ife opemphera, chifukwa amavala zovala zabwino ndipo amakhala pa mpando wa kutsogolo. Mtsikana amene adatenga pathupi ali pa sukulu akabwerera ku mphakati ndi mwana wake kumbuyo, kodi amapeza malo pa mkeka, kapena amapeza manong'onong'o? Bambo amene adatha zaka ku mowa akaimirira kupita ku guwa, kodi sitigundana zigongono? Ambiri amene safuna kubwerera saopa Mulungu, saopanso wansembe. Amaopa maso athu. Chibale ndi fupa, sichiola, timatero pa maliro ndi pa milandu ya m'banja. Ubatizo umene udatipanga abale ndi wolimba koposa fupa, ndipo tchimo lililonse silingathe kuufafaniza.

Palinso Novatian wina amene amakhala m'kati mwa wochimwa mwini wake. Ndiye amene amanong'ona usiku kuti zako zidatha, wapitirira malire, ukapita ukangodzichititsa manyazi. Kwa inu amene mumamva mau amenewa tikuti: pitani mukaonane ndi bambo mfumu wa parishi yanu. Mwina nkhani yanu ndi ya ukwati wosakonzeka kapena ya mitala, ndipo singathe tsiku limodzi. A ku Carthage aja naonso adadikira. Koma wodikira ali pa khomo, akudziwika dzina, abale akumpempherera, sali ngati wokhala kuthengo.

Cornelius adagwidwa pa mazunzo a Gallus, natumizidwa ku Centumcellae, kumene adafera mu 253. Cyprian, uja ankanenedwa kuti ndi wothawa, adaimirira pamaso pa bwanamkubwa Galerius Maximus pa ufumu wa Valerian, nakana kuthira nsembe. Adadulidwa mutu pa 14 Sepitembala 258, atauza abale kuti apatse wodula mutuyo ndalama zagolide 25.

Koma tisanatseke tikufuna kukusimbirani za munthu wina wosatchuka, amene nkhani yake idalembedwa ndi Dionysius, Episkopi wa ku Alexandria, polembera Fabius wa ku Antiokeya, amene mtima wake unkapendekera kwa Novatian. Kudali nkhalamba ina dzina lake Serapion. Moyo wake wonse adakhala mkhristu wopanda chonenedwa, koma pa mazunzo a Decius adagwa, nathira nsembe. Adapempha kawirikawiri kuti amlandirenso, koma palibe amene adamumvera. Tsono adadwala, nagona masiku atatu osayankhula, osazindikira kanthu. Tsiku lachinai adatsitsimuka pang'ono, naitana mdzukulu wake, mwana wa mwana wake wamkazi, namtuma kuti athamange akaitane wansembe, pakuti anthu akumchedwetsa.

Mnyamatayo adathamanga. Udali usiku, ndipo adapeza wansembeyo akudwala, sangathe kuyenda. Koma Dionysius adali atalamula kale kuti aliyense amene ali pafupi kufa, akapempha, makamaka ngati adapemphapo kale, akhululukidwe, kuti achoke ndi chiyembekezo. Wansembe uja adapatsa mnyamatayo kachidutswa ka Ukaristia, namuuza kuti akakanyowetse ndi kukaika m'kamwa mwa agogo akewo. Mwanayo adabwerera mu mdima atanyamula kachidutswako. Asanalowe m'nyumba, Serapion adatsitsimukanso, nadziwa kuti mdzukulu wake wafika ndiponso kuti wansembe walephera kubwera, namuuza kuti achite msanga zimene wauzidwa. Mnyamatayo adanyowetsa kachidutswa kaja, nakaika m'kamwa mwa nkhalambayo. Serapion adameza, ndipo nthawi yomweyo adatsirizika.